Zikomo kwa onse amene munatigwira mkono pa matenda a Mphezi

Mauthenga anu ndawaona onse, kungoti mphamvu zoyankha mmodzimmodzi ndilibe. Mphezi, galu wa polisi amene ndinkagwira naye ntchito, tinamukwirira Lachiwiri kuseri kwa khola lake. Ndati ndilembe kamodzi pompano, aliyense atengepo zikomo wake.

Ndiyambe ndi amayi a vetenale. Dzina sinditchula, anandiletsa, koma a kuno ku Kasungu mukuwadziwa ndi njinga yamoto yawo ija. Galu atayamba kutentha thupi ndi kukana chakudya titabwerako ku ntchito ya m'malire mwa paki ya nyama zakutchire ya Kasungu, aliyense anali dokotala. Uyu akuti njoka za m'mimba, uyo akuti nkhupakupa, wina mpaka anati amulodza anthu amene anawagwiritsa ndi minyanga. Amayiwa atafika sanachulutse mawu. Anatukula mlomo wa galu n'kupeza nkhama zayera, anagwira pakhosi potupa, anayang'ana m'maso momwe munali mutayamba kuchita mtambo. Kenako anandifunsa kuti, "Achimwene, galuyu wayenda m'tchire la kashembe?" Anatenga kadontho ka magazi kukhutu n'kukayeza, ndipo madzulo omwewo anandiimbira: tizilombo ta mtundu womwe uja umadwalitsa anthu kaodzera.

Mankhwala ake ndi jakisoni wa Berenil amene amabaya ng'ombe, koma kwa galu ndi woopsa, ukangopyola muyezo umapha. Amayi anakana kubaya mongoyerekeza. Tinakabwereka sikelo ya venda wa soya, galu tinamukulunga m'thumba n'kumupachika, iwo akuwerengera pa kapepala. Achimwene a sikelo, zikomo, munatseka malonda anu chifukwa cha galu.

Ndipo anadzuka ndithu. Anayamba kudya, anathamangira mpira wake, ine n'kulemba pano kuti Mulungu wayankha. Amayi okha ndi amene sanasekerere nafe. Anandikokera pambali n'kundiuza kuti tizilomboti tikafika ku ubongo mankhwala aja safikako, ndiye ndisasiye kumuyang'anira. Zinachitikadi momwemo. Maso anachita khungu, anayamba kuzungulira malo amodzi, kenako kukomoka. Zotsalazo sindilemba, amene munabwera munaona.

Masiku omalizawo amayiwa anagona nafe kukhola. Dripi anaipachika pa msomali, iwo atakhala pa ndowa yovundikira, udzudzu ukuwadya. Kunyumba kwawo kuli ana, m'mawa akuyembekezeka ku dipi ya ng'ombe, koma sanachoke. Nditawapatsa ya petulo anandibwezera m'thumba la malaya, amvekere, "Mukagulire ana shuga." Galu atayamba kunjenjemera m'bandakucha anavula chitenje chawo n'kumufunditsa. Amayi inu, ine ndilibe choti ndingakupatseni. Yehova amene amaona zochitika usiku akukumbukireni, akudalitsireni ana anu, akutetezeni pa msewu pamene mukuyenda ndi njinga ija.

Ndithokozenso abwana anga pondimasula pa ntchito zina kuti ndikhale naye, ndi anzanga a shifiti ya usiku amene munkandilowera m'malo osadandaula. Alamu anga, munapereka galimoto kuti tithamange naye ku Lilongwe, ndipo mipando yomwe anaiwononga simunaitchule n'komwe. Anzathu a zanyama zakutchire, munabwera ndi yunifolomu kudzaima nafe pomukwirira, ndinakuonani. Mayi a kunyumba, munaphika phala la galu pakati pa usiku, mukundipirira ndikubwera ndi fungo la kukhola.

Kwa amene munkandiuza kuti "ndi galu chabe, akupatsani wina," ndakumvani. Koma tsiku limene anakhala pansi pambali pa thumba la makala pa rodibuloko ya M1, n'kupezeka kuti pakati pake pali ngaka yamoyo, munali patsogolo pojambulitsa. Zithunzizo zikadali pa Facebook, mwaima mwamukoleka mkono ngati mbale wanu. Atadwala ngakhale foni ya "ali bwanji" sinalire. Sindikukwiya, ndangonena.

Anthu ambiri amaganiza kuti galu wa polisi ntchito yake ndi kuluma. Mphezi sanalumepo munthu. Yake inali mphuno: minyanga, mamba a ngaka, zipolopolo, nyama yowamba yobisa pansi pa matumba. Akanunkhiza chinthu amangokhala pansi n'kundiyang'ana, basi. Kuchokera mu 2017 pamene lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mpaka chilango kufika zaka 30 m'ndende, ozembetsa anachenjera kwambiri pobisa katundu, ndipo maso a munthu pawokha sakwanira. Njovu 263 zija zitasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera m'paki yathu mu 2022, ntchito inachulukanso, poti paki yomweyi yagundana ndi malire a Zambia. Pa zonsezi malipiro ake anali mpira wotafunidwa uja, osati alawansi. Tinamukwirira nawo.

Inu amene muli ndi agalu m'midzi yozungulira paki, amayi a vetenale anandituma kuti ndinene izi: galu akatentha thupi, kutupa nkhope, maso n'kuyamba kuyera, musadikire ndipo musamubaye nokha mankhwala a ng'ombe. Pitani naye akamuyeze magazi. Kashembe yemweyo amalumanso anthu, ndiye wina akamadwala ngati malungo osamva mankhwala, auzeni a chipatala kuti anali kufupi ndi paki.

Akuti galu wina abwera. Ndimulandira, ntchito ndi ntchito, koma musandifunse za iye pakali pano.

Amayi, chitenje chanu chija chili kwathu, achapa ndi kusita. Ndibweretsa Loweruka pamodzi ndi nkhuku, ndipo ulendo uno mukakana ndikangoisiya pakhonde n'kuthawa.