Mbuzi ziwiri, gitala imodzi

Gitala yanga yoyamba inafera pakhoma. Ndinkaipachika pa msomali m'nyumba yanga ya malata kuno ku Ngabu, ndipo tsiku lina mu Okutobala, tikudya nsima panja pamthunzi, tinangomva kuti phwaa m'nyumbamo. Polowa ndinapeza buliji, kathabwa kaja kogwira nsambo pamimba pa gitala, katamatuka, nsambo zonse zili lendelende. Inali yotchipa, ndinaigula pamsika chifukwa chonyezimira basi. Kuyambira pamenepo ndinatha zaka ziwiri ndikubwereka ya kwaya yathu, yomwe amaitsekera m'kabati ngati mankhwala.

Ndalama zogulira ina zinachokera mbali ziwiri: gawo langa la ku banki mkhonde titagawana mu Disembala, ndi mbuzi ziwiri zomwe ndinagulitsa mayi a kunyumba akundiyang'ana ndi diso lofiira. Mtengo womwe ndinafunsa kale unali utasanduka nthano, poti kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo gitala iliyonse ya m'sitolo imachokera kunja. Ndalama zangazo zinali zapakatikati: zopitirira gitala ya pamsika, zosafika pa zija amazipachika pamwamba kuti tisazigwiregwire.

Ndisanakwere minibasi ndinapita kaye kwa amalume. Iwo anayamba kuimba ali mnyamata pa banjo ya chigubu, nsambo zake mawaya a buleki ya njinga, ndipo mpaka lero khutu lawo silinama. Anandiuza kuti ndiyale ndalamazo pamphasa.

"Izi za ulendo, kupita ndi kubwera. Izi za chikwama. Izi za nsambo zapadera. Zatsalazi ndiye za gitala. Ukalowa m'sitolo ndi zonse m'thumba limodzi, mphwanga, ubwera wapansi gitala ili pamutu."

Ndinadandaula, chifukwa muluwo unachepa ndikuona. Koma ndinamvera, ndipo ndinawalipirira ulendo kuti tipite limodzi.

Zinthu ziwiri ndinali nditatsimikiza kale. Ndinkafuna ya nsambo zachitsulo, osati za nayiloni, chifukwa kutchalitchi kwathu kulibe zokuzira mawu ndipo gitala iyenera kumveka pakati pa amayi makumi awiri ndi ng'oma. Apa ndichenjeze: musaike nsambo zachitsulo pa gitala yopangidwira nayiloni, khosi lake ndi buliji yake sizinamangidwire mphamvu imeneyo. Chachiwiri, sindinkafuna yokhala ndi polumikiza waya wa ku sipika. Pa mtengo wapakati, ndalama ikapita ku timagetsi timeneto ndiye kuti yachoka pa thabwa.

Pafoni ndinali nditawerenga usiku wambiri, mpaka mayina atatu anandikhala m'mutu: Yamaha FG800, Fender CD-60S ndi Cort Earth 70. Zonse zitatu pamwamba pake ndi thabwa lathunthu la mtengo wa spruce, chimene ogulitsa amati solid top. Kunsi kwake kuli zonga Yamaha F310 ndi Cort AD810, zomwe pamwamba pake ndi timatabwa topyapyala tomatikiza ngati pulayiwudi. Aliyense wolemba pa intaneti amati gulani ya thabwa lathunthu, imalira bwino ndipo mawu ake amakoma ikamakalamba. Sakunama ayi. Koma ambiri mwa olembawo sanakhalepo m'nyumba ya malata ku Ngabu nthawi imene kutentha kumapitirira madigiri 40.

Tinanyamuka m'bandakucha. Nchalo, minda ya nzimbe mbali zonse, Dyeratu, mlatho wa Kamuzu pa Shire, kenaka Thabwa. Amalume anaseka kuti tikupita kukasankha thabwa podutsa pa Thabwa, sizingalephereke. Minibasi itayamba kukwera chitunda chokhotakhota chija, mphepo inasintha, anthu nkuyamba kutseka mawindo. Kusintha komweko ndi kumene gitala imakumana nako potsika, ndipo thabwa silikukonda. Akatswiri amati gitala imakhala bwino pamene chinyezi cha mumpweya chili pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Kwathu kuchigwa, m'chilimwe mpweya umauma gwa, thabwa limafota ndipo lathunthu limatha kung'aluka motsata mizere yake. Dzinja likafika limamwa chinyezi nkutupa. Lomatikiza limapirira bwino chifukwa mizere ya timatabwa take imapingasana, kena kakafuna kufota kanzake kamakagwira.

Sitolo yoyamba ku Limbe tinangokhalamo mphindi zochepa. Mnyamata wogulitsa anatitsitsira gitala yakuda yonyezimira, pamutu pake palembedwa dzina lalikulu, mtengo wake theka la umene ndinkayembekeza. Amalume anasuzumira m'bowo nayatsa tochi ya foni. Kapepala ka m'kati kanali komatidwa mopendama, nambala ya fakitale panalibe, guluu atachita kudontha m'mbali mwa timitanda ta m'katimo. Anaibweza mwaulemu.

"Zikomo achimwene, tibweranso."

Kachiwiri tinapita kwa bambo wina amene analengeza pa Facebook kuti akugulitsa yake yogwiritsidwa kale ntchito. Apa ndi pamene mtima wanga unatsala pang'ono kundipweteketsa. Inali ya thabwa lathunthu ndithu. Kudziwa kwake nkosavuta: yang'anani m'mphepete mwa bowo, pamene thabwa ladulidwa. Ngati mizere ya pamwamba ikupitirira kutsika mpaka kunsi, ndi lathunthu. Ngati mukuona timigawo tosanjikizana ngati buledi wopaka majarini, ndi lomatikiza. Nditakhwatcha kodi ya G (kodi ndi mawu a nsambo zingapo zolira pamodzi), mawu anadzaza chipinda chonse, ndipo m'mutu mwanga ndinali nditalipira kale.

Amalume sanaimbe nkomwe. Anapempha kapepala ka lisiti, nkukalowetsa kuseri kwa buliji, pakati pa buliji ndi mimba ya gitala. Kanalowa pafupifupi chala chimodzi. Buliji inali itayamba kunyamuka, matenda omwe aja anapha yanga yoyamba. Nsambo zisanu ndi imodzi za saizi 12 (nambala yosonyeza kunenepa kwa nsambo) zikachunidwa zimakoka ndi mphamvu yoposa makilogalamu 70, kuposa thumba la chimanga, usana ndi usiku, ndipo guluu akatenthedwa amafewa. Kenaka anagoneka rula pamimba, kuseri kwa buliji. Kutukuka pang'ono nkwachibadwa, koma apa rulayo inkachita kupendama ngati ili pa chulu.

Anandipatsa gitala kuti ndiyeze kutalika kwa nsambo. Njira yake ndi iyi, ndipo simusowa chida chogula. Khadi la ku banki ndi lochindikala mamilimita 0.76, ndiye atatu mukawasanjikiza akukwana pafupifupi 2.3. Alowetseni pakati pa nsambo yaikulu ndi fureti ya nambala 12 kuchokera kumutu (mafureti ndi tizitsulo tija topingasa pa khosi la gitala). Akalowa mothina kapena kutsala kampata kochepa, gitalayo ndi yofewa kuimba. Pa iyi makadi anga atatu analowa, amalume nkuwonjezera awo awiri, malo anatsalabe. Nsambo zotalika chonchi zimadula zala, ndipo ana ambiri amene amasiya kuphunzira gitala amasiya chifukwa cha zimenezi, nkumaganiza kuti alibe luso. Nthawi zina zimakonzeka popala kafupa koyera kamene nsambo zimatsamira pa buliji. Kuti nsambo itsike milimita imodzi pa fureti ya 12, kafupako kapalidwe mamilimita awiri. Koma pa gitala iyi wina anali atakapala kale mpaka kutsala pang'ono kumira. Vuto linali pa khosi lenilenilo, ndipo kukonza kwake kukanadya mbuzi yachitatu.

Mwini wake anatsitsa mtengo kawiri tikutuluka. Ndinayenda osalankhula mpaka pa siteji.

Kachitatu tinalowa m'sitolo ina mu Blantyre, yogulitsa zida za magulu oimba ndi matchalitchi. Ya thabwa lathunthu yatsopano inalipo, ndinaigwira, ndinaiimba, ndipo sindibisa, inali yokoma kuposa zonse. Mtengo wake unkafuna ndalama zonse za pamphasa paja, za chikwama ndi za minibasi zomwe, ndi kangongole pamwamba. Pambali pake panali ma F310 awiri. Pamwamba spruce womatikiza, m'mbali ndi kumbuyo mtengo wa meranti, thupi lalikulu la mtundu uja amati dreadnought, dzina lomwe kampani ya Martin inatenga ku sitima yankhondo ya ku Britain. Thupi lotere limatulutsa mawu okwanira kwaya.

Ndinapempha kampando, ndipo tinakhala pafupifupi ola lathunthu. Choyamba kuloza khosi ndi diso limodzi kuchokera kumutu, monga achitira kalipentala ndi thabwa, kuona ngati lapotoka. Kenaka kukanikiza nsambo yaikulu pa fureti yoyamba ndi ya 14 nthawi imodzi, nkuyang'ana pakatikati: pafunika kampata kochepa kwambiri, kongolowa kapepala kolimba. Kakakhala kakakulu kapena kakasowa, m'khosimo muli chitsulo chomwe amachipotoza ndi kasipanala kuti liwongoke, ndiye funsani ngati kasipanalako kali m'katoni. Ndinatsetsereka chala m'mbali mwa khosi kumva ngati nsonga za mafureti zikubaya. Ndinaimba nsambo iliyonse pa fureti iliyonse, imodziimodzi, kumvetsera kunjenjemera kwachilendo. Ntchito yotopetsa, ndipo wogulitsa anayamba kuyang'ana wotchi.

"Bwana, zonsezi ndi zatsopano, zangotsika kumene."

"Tamva achimwene," anatero amalume, "koma ngakhale mapasa wina amabadwa wamakani."

Chomaliza chinali cha foni. Ndili ndi kapulogalamu kochunira. Mukachuna nsambo ili yokha, kenaka nkuikanikiza pa fureti ya 12, liwu liyenera kukhala lomwelo koma lokwera. Singano ikathawira kutali, gitalayo imamveka bwino pa makodi a kumutu koma imasemphana ndi oimba mukakwera khosi. Onse awiri anakhoza. Ndinasankha yomwe khosi lake linandikhala bwino m'dzanja, ndipo chifukwa china chomveka ndilibe.

Pa mtengo sanatsitse kwenikweni. M'malo molimbana pamenepo ndinapempha kuti awonjezere chikwama chochindikala pa mtengo wotsikirako, ndi kuti andiikire nsambo za saizi 11 pomwepo. Za 11 zimakoka mocheperapo kusiyana ndi za 12, zala zimapuma ndipo buliji nayo imapuma, ngakhale mawu amachepa pang'ono. Ndinagulanso mapaketi awiri apadera, poti thukuta la kwathu limadya nsambo msanga ndipo ku Ngabu simungazipeze mwachisawawa. Lisiti ndinaonetsetsa kuti alembapo nambala ya m'kati mwa gitala.

Pobwerera kondakitala anafuna kuika gitala kumbuyo, pamwamba pa matumba ndi makatoni, pomwe dzuwa la pawindo limawomba. Ndinakana. Ndinaikumbatira pakati pa miyendo kuchokera mu Blantyre mpaka kwathu, mutu wake ukugunda denga pa bampu iliyonse, mayi wina woyandikana nane akufunsa ngati mwanayo wayamwa.

Kodi ndimaiganizirabe ya thabwa lathunthu ija? Eya, makamaka ndikamva mnzanga wa ku Nchalo akuimba yake. Iye amakhala m'nyumba ya siling'i, ndipo m'chilimwe amaika kasiponji konyowa m'kachitini koboola m'chikwama kuti thabwa lisaume. Ine ndi ana anayi ndi denga la malata, chisamaliro chotere sindikanachikwanitsa.

Msomali uja ndinauzula. Pansi sindiikapo, chifukwa cha chiswe komanso chifukwa madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 anatiphunzitsa kuti chilichonse cha pansi ndi cha mtsinje. Gitala imagona m'chikwama, pa shelefu ya m'chipinda chapakati, kutali ndi khoma lowombedwa ndi dzuwa la masana. Ndikatha kuimba ndimapukuta nsambo ndi kansalu kouma, ndipo ndikadziwa kuti nditha milungu osaigwira ndimazimasulako pang'ono. Amalume akabwera Lamlungu madzulo, asanakhale nkomwe pansi amatulutsa kalisiti m'thumba la malaya nkukayesa kuseri kwa buliji. Mpaka pano sikanalowe.