Pulani ikakhala kutali ndi 0,0, mizere imayamba kusokonekera

Vuto limeneli limapezeka kwambiri pamene wojambula pulani walandira fayilo ya wopima malo n'kuyamba kujambula nyumba momwemo mu AutoCAD, kutali ndi 0,0, poyambira pa manambala a X ndi Y. Poyamba zonse zimaoneka bwino. Kenako lamulo la HATCH limakana kudzaza chipinda chooneka chotsekeka, la TRIM limadula mizere pamalo olakwika, ndipo mu 3D makoma amanjenjemera mukamazunguliza chithunzi. Ambiri amaganiza kuti kompyuta yafooka, pomwe vuto lili m'manambala.

AutoCAD imasunga nambala iliyonse m'mabiti 64 motsatira muyezo wa IEEE 754, zomwe zimapereka madijiti pafupifupi 15 kapena 16 onse pamodzi. Madijiti amenewa amagawidwa pakati pa mbali ya kutsogolo kwa kadontho ndi ya kumbuyo kwake, choncho nambala ikakula, kumbuyo kumatsala malo ochepa. Ganizirani puloti ya ku Lilongwe pa UTM (njira yoikira malo pa mapu ndi manambala) zoni 36S: easting yake (nambala yolowera kum'mawa) ili cha pa 585,000 ndipo northing (yolowera kumpoto) cha pa 8,450,000, zonse m'mamita. Wina akasandutsa zimenezi kukhala mamilimita, northing imakhala 8,450,000,000, madijiti 10 atha kale. Otsalawo ndi okwanira kusunga malo a kona ya nyumba, koma sakwanira bwino pulogalamu ikamawerengera pomwe mizere iwiri ikukumana, chifukwa kuchulukitsa ndi kugawa kulikonse kumadyako pang'ono.

Kadi ya zithunzi ndiyo imavutika kwambiri. Nthawi zambiri imagwiritsa ntchito mabiti 32, omwe ndi madijiti 7 okha basi. Pa nambala yoposa 8,388,608, mabiti 32 sangasiyanitse chinthu chochepera 1, kutanthauza kuti pa northing ya ku Lilongwe, malo awiri otalikirana theka la mita angaoneke ngati amodzi. Kunjenjemera kwa makoma kuja kumachokera pamenepa. Fayilo ya STL (ya zinthu za 3D) nayonso imasunga mabiti 32, ndipo silemba n'komwe ngati manambalawo ndi mainchi kapena mamilimita.

Mapulogalamu ena amaika malire poyera. Revit imafuna kuti zonse zikhale mkati mwa makilomita 16 kuchoka pa poyambira pake, ndipo imakana mzere wofupika kuposa pafupifupi 0.8 mm. Parasolid, yomwe ndi injini ya SolidWorks ndi NX, imagwira ntchito mkati mwa bokosi la mamita 1,000 mbali iliyonse. SketchUp imaphatikiza madontho oyandikana kwambiri kuposa 0.001 ya inchi, n'chifukwa chake pa tizigawo tating'ono timaenje timatsala osatsekeka. Anthu amakulitsa chinthucho ka 100, kuchimaliza, kenako n'kuchibwezera pa kukula kwake.

Njira yabwino ndi kulekanitsa mafayilo. Fayilo ya wopima malo ikhale payokha, m'mamita, pa manambala ake enieni, osaisuntha. Nyumba ijambulidwe mu fayilo ina, m'mamilimita, kona imodzi ili pa 0,0 ndipo makoma akutsata X ndi Y. Pomaliza lowetsani nyumbayo mu fayilo ya malo ngati XREF (fayilo yolumikizidwa kuchokera kunja), pa sikelo ya 0.001, poika nambala ya easting ndi northing ya kona ija ndi ngodya yotembenukira. Onetsetsani INSUNITS, yomwe imanena muyeso wa fayilo, m'mafayilo onse awiri musanalowetse: ikakhala mamilimita ku nyumba ndi mamita ku malo, AutoCAD imaika 0.001 ija yokha, musailembenso. Ikakhala yolakwika, nyumba imabwera yaikulu kapena yaing'ono ka 1,000, kapena ka 25.4 ngati template inali ya mainchi. Mu Revit ntchito yomweyi imachitidwa ndi Survey Point ndi shared coordinates, zomwe zimalumikiza nyumba ndi manambala a wopima malo, nyumba osachoka pafupi ndi poyambira.

Pali chinthu chinanso chomwe ambiri saganizira. Mtunda wa pa UTM si mtunda wa pa tepi. Pa mzere wapakati wa zoniyi, pa madigiri 33 kum'mawa, sikelo ndi 0.9996, ndipo Lilongwe ili pafupi nawo. Mukaonjezapo kukwera kwa malowo, komwe ndi mamita opitirira 1,000, mamita 100 a pansi amafupika ndi pafupifupi masentimita 5 pa fayilo ya wopima. Pa nyumba ya zipinda zitatu palibe angazindikire, koma pa mpanda wautali kapena msewu kusiyanako kumaoneka. Funsaninso datum (maziko oyezera malo) imene yagwiritsidwa ntchito, popeza Arc 1950 ndi WGS 84 zimaika malo amodzi pa manambala osiyana ndi mamita mazana angapo.

Za zimene zimaoneka pa sikirini, dziwani kuti kuchuluka kwa madijiti a kumbuyo kwa kadontho kumene mumasankha mu UNITS ndi DIMDEC kumangosintha kaonekedwe. Khoma la 3599.6 lilembedwa 3600 ngati mwasankha manambala opanda kadontho, koma m'fayilo likadali 3599.6. Zipinda zisanu zotere zikatsatizana, muyeso wonse ulembedwa 17998 pamene mmisiri akaphatikiza yekha apeza 18000, ndiye amayamba kukayikira pulani yonse. Pojambula, ikani LUPREC (madijiti ooneka kumbuyo kwa kadontho) pa 4 kapena kupitirira kuti zolakwika ziziwoneka, lembani kutalika ndi kiyibodi m'malo mokoka ndi mbewa, ndipo OSNAP, yomwe imagwira ndendende nsonga za mizere, ikhale yoyaka. Mukakayikira mzere, LIST kapena DIST ikuuzani nambala yeniyeni. Ndipo musalembe pamanja nambala pa dimension kuti mubise kusiyana. Pulani ikasinthidwa nambalayo imatsala momwemo, khoma litasuntha kale.