Lachinayi, tsiku lachitatu mlongo wanga ali m'chipatala

Ndadzuka 4 koloko kuphika phala loti ndikapereke kuchipatala. Magetsi kunalibe, kutentha kwake kwa kuno ku Mangochi kosagonetsa tulo, ndiye ndangokoleza mbaula n'kuyamba. Pofika ku wodi ndapeza amayi atakhala pansi pa simenti, atatsamira bedi. Mlongo wanga mwendo wakumanja aumanga pulasitala kuyambira m'ntchafu mpaka kuphazi, zala zokha zikusuzumira, zotupa ngati zitumbuwa. Kumaso mabala ayamba kuuma. Chipewa anavala, koma lamba wake anali woduka, ndiye chinauluka iye asanafike n'komwe pansi.

Ngoziyo inachitika Lolemba madzulo. Anakwera kabaza wa njinga yamoto pa boma kupita kwa Mpondasi, ndipo galimoto yonyamula nsomba inawagunda cham'mbali ikupitirira minibasi. Mnyamata wa kabaza anangosupuka pachigongono, wathu ndiye fupa linathyoka pawiri.

Cha m'ma 9 kwabwera amalume ndi bambo wina wovala bwino, mwini galimoto ija. Ulemu wake wosaneneka, mpaka kugwada popereka moni kwa amayi. Watulutsa envelopu, akuti muli K200,000 yothandizira mankhwala, komanso kapepala koti tisayine kuti nkhani yatha pachibale. Amalume anali atavomera kale panja. Akuti, "Mphwanga, zamakhoti n'zotaya nthawi, anthu tikhala tikukumana pamsika." Ine mtima unakana. Ndati, "Amalume, munthu sanadzuke pabedi, sitikudziwa ngati adzapalasenso ngalawa, tisayine chiyani?" Andiyang'ana ngati ndawatukwana. Amayi sanayankhule, amangokupiza mwana wawo ndi chitenje.

Ndalama sitinalandire. Ndinayifuna, ndisaname, chifukwa ya sopo ndi shuga yatha kale.

Kuchoka apo ndapita kupolisi kukafunsa za lipoti. Galimoto ija ikadali pabwalo. Ndayandikira galasi lakutsogolo, ndajambula pa foni kapepala ka inshuwalansi kamene amamata paja: dzina la kampani, nambala, ndi tsiku lothera. Sikanathe ntchito. Apo ndiye ndapuma. Pambali pake panali njinga imene anakwera mlongo wanga, foloko yopindika, yopanda nambala kumbuyo, inshuwalansi musanene. Zambiri mwa njinga zimene timakwera kuno zili choncho, zina zimalowera ku Chiponde kuchokera ku Mozambique n'kuyamba kunyamula anthu osalembetsa. Lamulo la pamsewu la 1997 limati galimoto kapena njinga yamoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshuwalansi yolipira anthu ena amene ingawavulaze, koma ndani wa ife amafunsa asanakwere? Timangofunsa mtengo. Zikanakhala kuti wolakwa ndi wa kabaza, tikanalimbana ndi mnyamata amene njingayo si yake, amapereka ndalama kwa abwana ake madzulo aliwonse.

Lipoti akuti silinathe, ndibwerenso sabata yamawa. Ndafunsa kawiri ngati mboni zinalembedwa, poti mayi wina wogulitsa mandasi anaona zonse. Akuti inde.

Masana ndaimbira mnzanga amene amagwira ntchito ku ofesi ya maloya ku Blantyre. Wandiyalira bwinobwino. Choyamba lipoti la apolisi, losonyeza amene analakwa, chifukwa kampani silipira pongoona kuti munthu wavulala, pafunika zioneke kuti dalaivala wawo sanasamale. Chachiwiri lipoti la dokotala, ndipo wati tisalithamangire, lidikire mwendo upole kuti alembe kuti walumala bwanji. Wati wovulala angathe kusumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji pamodzi ndi dalaivala, ndipo chipepeso amawerengera ululu, chilema, ntchito imene munthu sangathenso kugwira, ndi ndalama zimene taononga, bola pakhale malisiti. Kampani imalipira kulekeza pamene pangano lake linalekeza, zotsala n'za mwini galimoto. Nthawi yosumira dalaivala mlandu wa kuvulala ndi zaka zitatu, koma yosumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji ndi zaka ziwiri. Ngati ya loya palibe, kuli a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Nditamuuza za kapepala ka m'mawa kaja anangoti, "Iii, asisi, mwachita bwino."

Malisiti! Dzulo ndinagula mankhwala opha ululu ku famase, lisiti n'kukulungira mtedza. Ndalipeza m'chikwama lili ndi mafuta, koma manambala akuwerengeka. Ndagula kope la ana asukulu, ndayamba kulemba chilichonse, ngakhale ya kabaza yopitira kuchipatala. Inde, ndikukwerabe kabaza, nanga ndiyenda bwanji ndi dzuwa limeneli.

Madzulo pakhomo la wodi wandiimitsa mnyamata wina wonyamula fayilo, akuti amadziwa loya amene amatulutsa ndalama msanga, ndingomupatsa buku lakuchipatala la wodwala. Wadziwa bwanji za ife, kaya. Ndamuuza kuti buku lili ndi adokotala.

Mlongo wanga wadya nsima ya usipa pang'ono. Akufunsa za ukonde wake, kuti anzake asaubwereketse. Amalume sakuyankha foni yanga. Mawa ndilawirira kwawo ndisanapite kuchipatala, ndatenga kale shuga paketi imodzi pangongole kwa mayi wa pa okala.