Mphindi 11 pa khoma la nyumba ku Kabwata

Ndinanyamuka ku Lilongwe m'bandakucha, ndinadutsa pa chipata cha Mchinji ndi Mwami dzuwa lisanatenthe, ndipo kuchokera ku Chipata basi inatsata msewu wa Great East, mtunda woposa makilomita 550, kudzera ku Katete, Petauke ndi Nyimba. Tinapumulako pa mlatho wa Luangwa, pomwe amayi amagulitsa nsomba zouma ndi madengu, ndipo tinafika pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ku Lusaka kunja kutada. Ulendowu unali wokaona mchemwali wanga amene anakwatiwa ku Lusaka, koma chimene ndabwerako nacho m'mutu ndi filimu ya mwana wake wamwamuna.

Mnyamatayu amapeza ndalama pojambula maukwati. Tsiku lachiwiri anandiuza mwaulemu kuti, "Amalume, madzulo ano musapite kwina, pali kanthu kamene ndikufuna muone." Anali ataitana anzake ndi anansi, anthu osapitirira 30, amene anakhala pa mipando yapulasitiki pabwalo la nyumba ina ku Kabwata, dera lina la mu Lusaka, ndipo khoma lopaka laimu ndilo linali poonetsera.

Filimuyo inali yokhudza nkhondo ya kum'mawa kwa dziko la Congo, koma munalibe wochita sewero, munalibe wofotokoza, ndipo mfuti sinamveke ngakhale kamodzi. Iye anatenga zithunzi za anthu othawa kwawo zimene zinkafalikira pa intaneti gulu la zigawenga la M23 litalanda mzinda wa Goma mu January 2025, n'kuziika pa foni ina, kenaka n'kumazijambula ndi foni yake akuyandikira pang'onopang'ono mpaka nkhope ya mayi wosenza matiresi inasanduka timadontho tosazindikirika. Phokoso lomveka pansi pa zithunzizo linali la msika wa Soweto wa mu Lusaka: anyamata oitanira minibasi, wogulitsa tomato akukangana ndi wogula, wina akuseka. Kwa mphindi yathunthu chithunzi chimodzi sichinasunthe, moti mayi wina anafunsa ngati makina afa.

Ndisabise, poyamba ndinanyansidwa. Ndinakulira mafilimu okhala ndi chiyambi ndi mathero, ndipo ndinaona ngati mnyamatayu akusewera ndi tsoka la eni ake. Koma nditakakamizika kuyang'ana nkhope imodzi kwa nthawi yaitali choncho, ndinazindikira kuti chithunzi chomwecho ndinachionapo pa foni yanga ndipo ndinachipitirira ndi chala msanga kwambiri. Phokoso la msika lija linali lathu, la ife amene timagula ndiwo zathu nkhondoyo ili mkati, ndipo filimuyo inali kutiloza ifeyo osati asilikali.

Titabwerera kunyumba ndinamufunsa chifukwa chimene sanangojambula nkhani yolongosoka, yokhala ndi anthu ofotokoza zimene anaona. Anayankha kuti ku Goma sanafikeko ndipo ndalama zopitira alibe, choncho chinthu chokha chimene angachijambule moona ndi mtunda umene uli pakati pa iye ndi nkhondoyo. Anandiuzanso kuti njirayi si yake: mu 1965 Carolee Schneemann wa ku America anapanga filimu yotchedwa Viet-Flakes pojambula, kudzera m'magalasi okulitsa zinthu, zithunzi za nkhondo ya ku Vietnam zimene anadula m'magazini ndi m'nyuzipepala. Nkhondo imeneyo inapitirirabe zaka 10 mpaka 1975, ndipo nditamukumbutsa zimenezi anangoseka n'kuvomera.

M'mawa mwake ndinayenda ndekha mu Cairo Road ndi mu Independence Avenue mpaka pa chipilala cha Freedom Statue, ndikuganizira kuti mzinda uno si mlendo pa nkhondoyi. Pa 10 July 1999 atsogoleri a Congo, Angola, Namibia, Zimbabwe, Rwanda ndi Uganda anasainira muno mgwirizano woleka kumenyana, mkhalapakati ali Frederick Chiluba, pulezidenti wa Zambia pa nthawiyo, pa nkhondo imene inayamba mu 1998. Mnyamata wathuyu anali asanabadwe. Zaka zoposa 25 zadutsa, mgwirizanowo ukutchedwabe dzina la Lusaka m'mabuku, koma anthu a ku Congo akadali m'misasa ya Meheba ndi Mantapala muno m'Zambia, komanso ku Dzaleka kwathu ku Dowa. Ifenso Amalawi sitinganene kuti ndi za kutali, popeza mu January 2025 asilikali athu atatu anafera komweko ali m'gulu la SADC, ndipo patangopita milungu yochepa boma linalamula kuti otsalawo akonzekere kubwerera.

Pali chinthu chimodzi chimene sitinagwirizane. Ine ndinati akanaika mawu ochepa kumapeto, otchula malo ndi chaka, kuti munthu wosadziwa asatuluke ali m'chimbulimbuli. Iye anakana, nati akatero anthu adzawerenga mawuwo n'kumva ngati amaliza. Mpaka pano ndikuona kuti akulakwitsa, chifukwa mwa anthu amene anali pabwalo paja, angapo anapita kwawo akuganiza kuti aona za kusefukira kwa madzi. Anandisonyezanso foni yake n'kunena kuti mwina mkati mwake muli chitsulo chochokera ku miyala ya coltan yokumbidwa ku Rubaya, dera limene zigawengazo zikulamulira, ndipo pa mfundo iyi ndinalibe chomuyankha.

Tsiku lobwerera anandiikira filimuyo pa foni. Ndinaitsegula basi itadutsa mlatho wa Luangwa n'kuyamba kukwera mapiri opita ku Kacholola, ndipo phokoso la Soweto linasakanikirana ndi la injini. Bambo wachikulire amene ndinakhala naye mpando umodzi anasuzumira kwa kanthawi, anayang'anitsitsa mayi wa matiresi uja, kenaka anandifunsa motsitsa mawu ngati ndi m'bale wanga.