Kusunga Kapena Kubweza Laputopu Yosaonetsa Bwino Mitundu: Njira Imene Ndinatsata

Ntchito yanga ndi yokonza makadi aukwati, mapepala a ndondomeko ya mapemphero ndi zikwangwani za mabizinesi ang'onoang'ono, choncho mtundu umene ndikuuona pa sikirini uyenera kuyandikana ndi umene udzatuluke kwa osindikiza. Akomiti yaukwati akanena kuti mitundu yawo ndi maruni ndi golide, sangalandire makadi ofiira ngati tomato. N'chifukwa chake laputopu yatsopano imene ndinagula m'sitolo ina mumzinda wa Lilongwe itayamba kundionetsa mitundu yokayikitsa, sindinaitenge nkhaniyo ngati yaing'ono, makamaka poti nthawi yololedwa kusintha katundu imene analemba pa lisiti inali yochepa.

Zodetsa nkhawa zinali zitatu. Tsamba loyera linkaoneka lothimbirira mopita ku chikasu, chofiira chinkaoneka chosuluka ndikachiyerekeza ndi chithunzi chomwecho pa foni, ndipo chakumunsi kumanzere kunali banga lotuwira mwapinki, lalikulu ngati theka la chikhatho, limene linkaonekera ndikatsegula chikalata chosalembapo kanthu. Poyamba zonsezi zinkaoneka ngati vuto limodzi, koma ndinafunika kuzilekanitsa, pakuti vuto lochokera m'masetingi limakonzeka kunyumba, vuto la chipangizo chowonongeka ndi la wogulitsa, pamene kuchepa mphamvu kwa sikirini imene inapangidwa motero ku fakitale si vuto limene sitolo ingavomere kuti ndi chilema.

Ndisanakhudze chilichonse, ndinasunga katoni, tchaja, timabuku ndi lisiti pamalo amodzi, sindinamatule zomata zimene zinali pa laputopuyo, ndiponso ndinaleka kukoperamo ntchito za makasitomala. Ndinajambula sikiriniyo ndi foni nditaika pepala loyera pambali pake, chifukwa kamera ya foni imadzikonzera yokha kuyera kwa chithunzi, ndipo popanda pepalalo chithunzi chikhoza kubisa vuto kapena kulikulitsa.

Ndinayambira ku masetingi a Windows, m'chigawo cha System, pa Display. Kumeneko kuli Night light, imene imachepetsa kuwala kwa buluu kuti maso asatope usiku, ndipo ikayaka chilichonse choyera chimasanduka chachikasu. Ndinaipeza yoyatsidwa, mwina ndi wina amene ankayesa makinawo m'sitolo, ndipo nditaizimitsa chikasu chambiri chinachoka pompo. Ndinaonanso ngati HDR, njira yokulitsa kusiyana kwa malo owala ndi amdima pa chithunzi, inali yoyatsidwa, ndinatsegula Color Management polemba mawu akuti colorcpl kuti ndione ngati panali fayilo ya mitundu yolakwika, kenaka ndinaika madiraiva atsopano a zithunzi, amene ndi mapulogalamu oyendetsa chipangizo chopanga zithunzi. Zimenezi sizinasinthe kanthu, koma zinandithandiza kudziwa kuti vuto silinali kumeneko. Amene ali ndi MacBook aone Night Shift ndi True Tone, zimenenso zimasintha kuyera kwa sikirini.

Chinthu china ndinachitulukira magetsi atazima madzulo. Laputopu itayamba kuyendera batire, mitundu inafooka kwambiri ndipo kuwala kunkasinthasintha malinga ndi chimene chinali pa sikirini. Iyi ndi njira yosungira moto m'batire, imene pa makina a Intel imatchedwa Display Power Saving Technology, ndipo pa makina a AMD imatchedwa Vari-Bright. Imachepetsa nyali zakuseri kwa sikirini n'kuwalitsa chithunzi kuti munthu asazindikire kusiyana, koma wokonza zithunzi amazindikira. Ndinaizimitsa mu pulogalamu ya Intel yoyendetsera zithunzi. Kwa ife amene nthawi zambiri timagwira ntchito magetsi atazima, ndi bwino kuyesa sikirini kawiri, tchaja ili yolumikiza komanso itazulidwa, pakuti zimene munthu amaona m'sitolo ndi zamakina olumikizidwa ku magetsi.

Banga lija silinasunthe pa zonsezi. Ndinajambula sikirini ndi batani la Print Screen n'kutumiza chithunzicho ku foni, ndipo pa foni tsambalo linali loyera lonse. Zimenezi zinali zofunika kwambiri, chifukwa Print Screen imajambula zimene kompyuta ikutumiza ku sikirini, osati zimene galasi likuonetsa. Kenaka ndinalumikiza laputopu ku wailesi yakanema ndi waya wa HDMI, ndipo kumenekonso banga kunalibe, kutanthauza kuti chipangizo chopanga zithunzi m'kati mwa laputopu chinali bwinobwino. Pomaliza ndinazimitsa makina n'kuwayatsanso ndikudinadina F2 kuti ndilowe mu BIOS, pulogalamu yoyambirira ya m'kati mwa makina, kumene Windows ndi madiraiva ake zimakhala zisanayambe kugwira ntchito. Tsamba la BIOS ya makina amenewa ndi lotuwa moyera, ndipo banga linali pamalo pake pomwepo. Ndinatsegula ndi kutseka chivindikiro pang'onopang'ono kuti ndione ngati waya wopyapyala umene umadutsa m'mahinji unali wophwanyika, poti waya umenewu ukavuta mitundu imaphethira kapena kusintha chivindikiro chikamayenda, koma palibe chinaphethira.

Usiku ndinazimitsa nyali zonse m'chipinda n'kuonetsa mtundu umodzi umodzi pa sikirini yonse: woyera, wakuda, wofiira, wobiriwira, wabuluu ndi wotuwa. Sikirini ya 1920 x 1080 ili ndi timadontho 2,073,600, ndipo kadontho kalikonse kali ndi tizigawo titatu, kofiira, kobiriwira ndi kabuluu, motero mayeso amenewa amaulula kadontho kakufa kapena kokakamira pa mtundu umodzi. Sindinapezepo kalikonse kotere. Pa mtundu wakuda m'makona munkawala pang'ono, koma ndikasuntha mutu kuwalako kunkasunthanso, ndipo chimenechi n'chibadwa cha masikirini a galasi la mtundu wotchedwa IPS ngati yangayi, si chilema. Banga lapinki lokha ndilo silinkasintha ngakhale ndiyang'ane kuchokera mbali iti, ndipo linkaonekera kwambiri pa mtundu wotuwa kuwala kukakhala pakatikati. Pamenepa ndinatsimikiza kuti galasi lenilenilo ndilo linali ndi vuto pamalopo.

Nkhani ya chofiira chosuluka ndiyo inanditengera nthawi, ndipo ndi imene imasokoneza ogula ambiri. Ndinaika pulogalamu yaulere yotchedwa HWiNFO, imene imaonetsa nambala ya sikirini imene ili m'kati mwa makina, ndipo nditaifufuza nambalayo pa intaneti ndinapeza kuti sikiriniyo imafika pa 45% NTSC, nambala yosonyeza kuchuluka kwa mitundu imene sikirini ingathe kuonetsa poyerekeza ndi muyeso wotchedwa NTSC. Muyeso umene zithunzi zambiri za pa intaneti ndi za makamera wamba zimatsata ndi sRGB, umene makampani a HP ndi Microsoft anaukhazikitsa mu 1996. Sikirini ya 72% NTSC imaonetsa pafupifupi mitundu yonse ya sRGB, pamene ya 45% NTSC imaonetsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu okha. Mitundu imene imavutika kwambiri ndi yowala mwamphamvu, ndipo chofiira chimatsetserekera ku mtundu wa lalanje. Pa katoni panangolembedwa kuti FHD IPS, mawu amene ndi oona ndithu, koma FHD ikunena za kuchuluka kwa timadontho, ndipo IPS ikunena za mtundu wa galasi limene limaoneka bwino ngakhale munthu ali chammbali. Palibe mwa mawu awiriwa amene akulonjeza kuchuluka kwa mitundu. Ndiyeneranso kunena kuti foni si muyeso wachilungamo, chifukwa mafoni ambiri a sikirini ya OLED amabwera atatcheredwa kuti mitundu izioneka yamphamvu kuposa mmene ilili, choncho kusiyana kumene ndinkaona kunali kochokera mbali zonse ziwiri.

Ndinayesa chida cha Windows chokonzera mitundu, chimene chimatseguka munthu akalemba dccw. Chimatsogolera munthu kukonza ndi maso kuwala kwa mitundu yapakati ndi kulinganiza chofiira, chobiriwira ndi chabuluu, ndipo chinachotsa kachikasu kamene kanatsalira. Akatswiri amagwiritsa ntchito kachipangizo koyezera kamene amakapachika pa galasi, monga Spyder ya kampani ya Datacolor, kuti kuyera kwa sikirini kufike pa 6500K, umene ndi muyeso wa sRGB. Koma ngakhale kachipangizo kameneka sikangawonjezere mitundu imene galasi silingathe kutulutsa. Mchere wothira bwino umakometsa ndiwo, koma susandutsa bonya kukhala chambo.

Apa tsono ndinali ndi mayankho atatu: chikasu chinali cha m'masetingi ndipo chinatha, chofiira chosuluka chinali chibadwa cha sikirini yotsika mtengo, ndipo banga linali chilema chenicheni. Zifukwa zosungira makinawo zinalipo ndipo sizinali zopepuka. Ankathamanga bwino, batire linkakhalitsa, kiyibodi inali yabwino kulembera, ndipo kwa munthu amene ntchito yake ndi Word, Excel ndi maimelo, sikirini ya 45% NTSC ilibe mlandu uliwonse. Ndinaganizira zogula monita yapadera yoika pa tebulo, koma monita imafuna magetsi, ndiponso ndimayenda ndi laputopu kukaonetsa makasitomala zitsanzo kunyumba kwawo kapena kuofesi. Ndinaganiziranso zopita kwa wokonza makompyuta kuti achotse galasilo n'kuikapo labwino, chinthu chimene chimatheka ngati kukula kwake ndi polumikizira waya pakugwirizana, koma kutsegula makina atsopano kunja kwa sitolo kukanaika walanti pachiswe, ndipo ndikanalipira kawiri pa vuto limene linabwera ndi katunduyo. Banga lokhalo likanatsitsanso mtengo wa laputopuyo tsiku limene ndikanafuna kuigulitsa.

Ndinasankha kuibweza, koma ndinasankhanso chodandaula changa mosamala. Ndikanapita n'kunena kuti mitundu sikundisangalatsa, wogulitsa akanakhala ndi yankho lomveka lakuti ndinagula chimene chinalembedwa pa katoni. Banga ndilo linali umboni umene aliyense akanauona ndi maso ake. Kuno ku Malawi kuli lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, kotero kachikwangwani kamene timakaona m'masitolo ambiri kakuti katundu akagulidwa sabwezedwa sikachotsa udindo wa wogulitsa pa katundu wachilema. Amene amatumitsa malaputopu kwa abale a ku Joni kapena ku Britain adziwe kuti ku South Africa lamulo la 2008 limapatsa wogula miyezi 6 yobweza katundu wachilema, ndipo ku Britain lamulo la 2015 limapatsa masiku 30 okana katundu wotere n'kulandira ndalama zonse. Ufulu umenewu ndi wovuta kuugwiritsa ntchito makina akawoloka kale malire, motero mayeso onse ndafotokozawa ndi oyenera kuchitidwa ndi m'baleyo katundu asanatumizidwe.

Ndisanapite ku sitolo ndinakopera mafayilo anga ochepa, ndinatuluka mu maakaunti onse, kenaka ndinagwiritsa ntchito Reset this PC posankha kufufuta zonse. Izi zinateteza zinsinsi zanga, komanso zinatseka pakamwa aliyense amene akanati vutolo labwera ndi mapulogalamu amene ndinaikamo. Pa fulashi ndinaikapo zithunzi za mtundu umodzi umodzi zija.

M'sitolo munali nyali zowala kwambiri, ndipo pa chithunzi chokongola chimene Windows imabwera nacho banga silinkaoneka n'komwe. Mnyamata wogulitsa anayang'ana mwachidule n'kunena kuti, "Bambo, masikirini onse amaoneka chonchi, mwina ndi maso chabe atopa ndi ntchito." Ndinayankha kuti, "Achimwene, tabwerekeni laputopu ina ya mtundu womwewu tiziike pamodzi, ndipo ngati zikufanana ndinyamula yangayi n'kumapita." Tinatsegula chithunzi chotuwa pa makina onse awiri, tinatsitsa kuwala kufika pakati, ndinatchinga nyali ndi katoni, ndipo iye mwini analoza bangalo ndi chala asanapite kukaitana abwana ake. Abwanawo anayerekeza nambala ya makina ndi ya pa lisiti, anayendetsa chala m'mphepete mwa chivindikiro kufuna kuona ngati panali pophwanyika kapena popindika posonyeza kuti ndinaigwetsa kapena kuitsamira, ndipo atapeza kuti palibe, anandipatsa njira zitatu: kuitumiza kwa amisiri awo kuti akasinthe galasi, kundipatsa ina ya mtundu womwewo, kapena kusankha ina yokwererapo mtengo n'kuwonjezera ndalama. Zobweza ndalama sanazitchule, ndipo sindinaziumirire poti laputopu ndinkaifunabe.

Njira yoyamba ikanandisiya wopanda chogwirira ntchito kwa nthawi imene iwo eni sanathe kuitchula, m'nyengo imene maukwati anali atachuluka. Yachiwiri ikanachotsa banga n'kundisiyira chofiira chosuluka chija, pakuti galasi likanakhala lomwelo la 45% NTSC. Ndinasankha yachitatu, ndipo ndinapempha kuti andionetse makina okhawo amene pa pepala la wopanga panalembedwa 100% sRGB kapena 72% NTSC. Analipo ochepa, ndipo amene ndinakwanitsa kugula anali ndi malo osungira zinthu ocheperapo, koma SSD, chipangizo chosungira zinthucho, imasinthika mosavuta kusiyana ndi sikirini. Ndinayesa zithunzi zanga zonse pomwepo pa kauntala, tchaja ili yolumikiza komanso itazulidwa, ndisanapereke ndalama yowonjezerayo, ndipo ndinaonetsetsa kuti lisiti latsopano lili ndi nambala ya makina atsopanowo, tsiku ndi kutalika kwa walanti.

Laputopu yatsopanoyi nayonso ili ndi kachilema kake, pakuti pa chithunzi chakuda m'chipinda chamdima m'mphepete mwammunsi mumatuluka kuwala pang'ono kwa nyali zakuseri. Kameneka sindinakadandaule, chifukwa sikasintha mtundu uliwonse pa ntchito imene ndimagwira ndipo masana sikaoneka. Makadi a maruni ndimawasindikizabe limodzi loyesera kaye kuti akomiti alione asanavomereze onse, chifukwa makina osindikizira amasakaniza inki zinayi za CMYK pa pepala pamene sikirini imasakaniza kuwala kwa mitundu itatu, ndipo ziwirizi sizifanana ndendende ngakhale sikirini ikhale yabwino motani.