Kamzere koyera pa chithunzi cha nyuzipepala yakale

Usiku wina ndinali pa tebulo ndi kope la nyuzipepala ya zithunzi ya ku London yotchedwa The Illustrated London News la m'zaka za m'ma 1860, galasi lokulitsira zinthu lili m'manja, pamene ndinaona kamzere koyera, kowonda ngati tsitsi, kochokera m'mitambo ya pachithunzi n'kutsika mowongoka mpaka kudutsa pa mlongoti wa sitima. Mtima unandipweteka poganiza kuti pepalalo linapindidwapo kapena layamba kung'ambika, koma nditasisita ndi chala ndinapeza kuti linali losalala bwinobwino. Nditayang'anitsitsa ndinapezanso timizere tina, toimirira ndi topingasa, togawa chithunzi chonsecho m'timagawo ta ngodya zinayi. Kuyambira tsiku limenelo, timizere timeneti ndi timene ndimayamba kufunafuna ndisanaone n'komwe kuti chithunzicho chikuonetsa chiyani.

Zithunzi za m'nyuzipepala zimenezi zinkazokotedwa pa mtengo, motsatira luso limene Thomas Bewick wa ku Newcastle ku England, yemwe anamwalira mu 1828, analikulitsa. Mmalo mosema thabwa motsata utali wa mtengo ndi mpeni, Bewick ankazokota pa nkhope ya chipika chodulidwa mopingasa, pamene pamaoneka mizere yozungulira ya zaka za mtengowo, ndipo ankagwiritsa ntchito kachitsulo kosongoka kofanana ndi ka anthu ozokota pa mkuwa. Mtengo woyenera ntchitoyi unali wa boxwood, umene wambiri unkachokera ku Turkey ndi kumadera a Caucasus, chifukwa ndi wolimba kwambiri moti kamzere kochepetsetsa sikaphwanyika pansi pa makina. Wozokota ankachotsa malo onse oyenera kukhala oyera, ndipo zotsala pamwamba ndizo zinkatenga inki. Popeza chipikacho chinkadulidwa msinkhu wofanana ndi wa zilembo za mtovu, pafupifupi mamilimita 23, chithunzi ndi mawu zinkasindikizidwa pamodzi nthawi imodzi, chinthu chimene sichinkatheka ndi zithunzi zozokotedwa pa mkuwa.

Vuto linali lakuti mtengo wa boxwood umakula pang'onopang'ono ndipo thunthu lake ndi laling'ono, choncho chidutswa chabwino kawirikawiri sichinkaposa chikhatho cha dzanja. Kuti apeze malo okwanira chithunzi cha tsamba lathunthu, amisiri ankalumikiza tizidutswa tambiri, ndipo cha m'ma 1860 anayamba kutimanga ndi mabawuti kumbuyo. Njira imeneyi inathandizanso pa changu, poti nyuzipepala ya mlungu ndi mlungu siyembekeza munthu. Wojambula akamaliza kujambula pa chipika chonse, motembenuza ngati pagalasi, mmisiri wamkulu ankayamba wazokota mizere yodutsa m'malo olumikizira kuti idzakumane bwino. Akatero ankamasula mabawuti n'kugawa tizidutswato kwa anyamata ake, wina kutenga mitambo, wina nkhope za anthu, wina mafunde a nyanja, ndipo aliyense ankagwira mpaka usiku, chidutswa chili pa kamtsamiro kachikopa kodzaza mchenga, kuwala kwa nyale kukudutsa m'botolo lozungulira lamadzi kuti kulunjike pamalo amodzi. Akadzamanganso zonse pamodzi, sikuti nthawi zonse zinkakumana ndendende, ndipo mpata wotsalawo ndiwo kamzere kanga koyera kaja. Pa tsamba limene ndili nalo, mitambo ya kumanzere kwa kamzereko ndi ya mizere yothithikana ndi yodekha, pamene ya kumanja ndi yotalikirana pang'ono, ngati ya munthu amene tulo tamupeza kapena amene akuthamangitsidwa ndi nthawi.

Mayina a anthu ambiri amenewa sanalembedwe paliponse. Pansi pa chithunzi pamapezeka nthawi zina dzina kapena zilembo za wojambula, ndipo mwina dzina la mwini malo ozokotera, basi. Ojambula ena anatchuka, monga Winslow Homer ndi Thomas Nast a ku nyuzipepala ya ku New York ya Harper's Weekly, kapena William Simpson ndi Melton Prior amene ankatumidwa kunkhondo kukajambulira The Illustrated London News, koma chimene wowerenga ankaona chinali chitadutsa kale m'manja mwa anthu ena angapo. Zojambula zochokera kutali zinkafika zili zongolembalemba mwachangu ndi malangizo m'mbali, ndipo wojambula wina wa mu ofesi ndiye ankazimalizitsa pa chipika.

N'chifukwa chake sindikhulupirira zithunzi zimenezi monga momwe ena amazikhulupirira. Kope loyamba la The Illustrated London News, limene Herbert Ingram anatulutsa pa 14 May 1842 lili ndi masamba 16 ndi zithunzi 32, linaonetsa moto waukulu umene unali utangosakaza mzinda wa Hamburg ku Germany. Palibe wojambula wa nyuzipepalayo amene anauona motowo. Anangotenga chithunzi chakale cha mzindawo n'kuwonjezapo malawi ndi utsi. Ngakhale zinali choncho, makope 26,000 anagulidwa, ndipo chaka chotsatira kunabadwa L'Illustration ku Paris ndi Illustrirte Zeitung ku Leipzig. Ku New York, Frank Leslie, yemwe anagwirapo ntchito yozokota kwa Ingram, anayambitsa nyuzipepala yake mu 1855, ndipo Harper's Weekly inatsatira mu 1857. Zipika zinkakopedwanso pa zitsulo zokutidwa ndi mkuwa kuti zipirire kusindikiza makope ochuluka, ndipo makope achitsulowo ankagulitsidwa kwa osindikiza a kumayiko ena, moti si zachilendo kupeza chithunzi chimodzimodzi m'nyuzipepala ziwiri za zilankhulo zosiyana.

Ndinaphunzira mowawa kufunika kwa tsamba lonse. Nditangoyamba kutolera, ndinagula kwa wogulitsa wina chithunzi cha doko chopakidwa utoto wobiriwira ndi wofiirira, chodulidwa bwino m'mbali ndi kumatidwa pa katoni. Chinali chokongola ndithu, ndipo ndinkachionetsa kwa aliyense wobwera kudzacheza. Patapita nthawi ndinaona chithunzi chomwecho m'buku lathunthu la makope a nyuzipepala imene chinachokera, chili chakuda ndi choyera chabe monga mmene chinatulukira. Utoto uja unali wopakidwa posachedwa kuti katundu ayende msanga, ndipo unali utakwirira mizere yopyapyala ya m'madzi imene wozokota anaivutikira. Mutu wa tsamba wokhala ndi deti unali utadulidwa, ndipo mawu a kumbuyo, amene ndi umboni woyamba wakuti tsamba ndi lenileni osati losindikizidwanso, anali atamatidwa moti sindikanathanso kuwawerenga.

Masamba ambiri amene amagulitsidwa limodzilimodzi amachokera m'mabuku aakulu amene eni ake ankasoketsa pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Ogulitsa ena amaphwasula mabukuwo chifukwa zithunzi zogulitsidwa padera zimabweretsa ndalama zambiri kuposa buku lathunthu, ndipo masamba opanda zithunzi zokopa amangotayidwa. Ine zimenezi zimandinyansa, ngakhale ndiyenera kuvomereza kuti wojambula wotchuka Vincent van Gogh, amene ankakonda kwambiri zithunzi za anthu osauka za mu The Graphic, nyuzipepala imene William Luson Thomas anayambitsa mu 1869, nayenso ankadula zithunzi n'kuzimata pa mapepala okhuthala. Iyeyo ankaphunzirirapo kujambula, ndipo pa nthawiyo nyuzipepalazo zinali zisanasowe. Masiku ano ndimasankha kope lathunthu, ngakhale lili ndi mawanga ofiirira obwera ndi chinyezi, kusiyana ndi chithunzi choyera chopanda kwawo. Ndimakondwera kwambiri ndikapeza kachidindo kofiira ka msonkho pa makope a ku Britain, chifukwa kawirikawiri kamasonyeza kuti kopelo ndi lakale ndithu, poti lamulo lokakamiza msonkho umenewo linachotsedwa mu 1855.

Chodabwitsa n'chakuti makope akale kwambiri ndiwo amakhala olimba. Mapepala a m'zaka za m'ma 1840 ndi 1850 ankapangidwa ndi nsanza za thonje ndi bafuta, pamene a kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, makamaka a nyuzipepala zotsika mtengo, anali ndi phala la mitengo lokhala ndi asidi, ndipo amasanduka achikasu n'kumathetheka m'mbali. Onse ndimawasunga chogoneka, m'mafoda opanda asidi, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi, ndipo selotepi sindiilola kuyandikira.

Kope laposachedwa kwambiri m'bokosi langa ndi la m'zaka za m'ma 1890, nthawi imene osindikiza anali atadziwa kusandutsa chithunzi cha kamera kukhala timadontho pa chitsulo, ndipo ozokota ambiri anali kutha ntchito. M'kope limenelo njira ziwirizi zili moyang'anizana. Tsamba la kumanzere lili ndi chithunzi chozokotedwa, ndipo pa chipewa cha msilikali pakudutsa kamzere koyera. La kumanja lili ndi chithunzi cha kamera, chimene ndikachiika pansi pa galasi ndimangoona timadontho tandandalika m'mizere yofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi.