Blackhawk ya .45 Colt: mtovu mu mpope ndi zipolopolo zothawa m'makoko

Pa Ruger Blackhawk ya .45 Colt, mfuti ya m'manja yokhala ndi silinda yozungulira ya mabowo 6, tikufufuza chifukwa chake zipolopolo zamtovu zoumba pamanja zikumwazika pa mayadi 25, kwinaku mpope wa mfutiyo ukumata mtovu. Ku America, kumene alenje ambiri amadzipakira okha zipolopolo, munthu akaona zimenezi amathamangira kusintha wonga. Nthawi zambiri wonga ulibe mlandu. Yambani mwayeza mfutiyo.

Chipolopolo chisanalowe mu mpope chimadutsa kaye pakamwa pa bowo la silinda, pamene amati throat. Mpope wa .45 Colt wamakono umakhala mainchi .451 kapena .452 m'mizere yake, ndipo chipolopolo chamtovu timachipanga .452. Koma ma Blackhawk ambiri anatuluka ku fakitale ndi ma throat othina, ena .450. Chipolopolo chikafinyidwa pamenepo chimalowa mu mpope chitachepa kale. Mpweya wotentha umadutsa m'mbali mwake, n'kusenda mtovu ndi kuupaka pachiyambi pa mpope. Kuumitsa mtovu sikuthandiza, kumangowonjezera vuto, chifukwa chipolopolo cholimba sichifufuma kuti chitseke mpatawo.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Chotsani silinda, muitsuke, mutenge chipolopolo cha .452 n'kuchikankha ndi pensulo m'bowo lililonse. Chiyenera kudutsa ndi mphamvu ya chala chabe. Chikakakamira, bowolo ndi lothina. Chikangogwa chokha, ndi lotakasuka. Mabowo onse 6 ayesedwe, pakuti pa silinda imodzi amatha kusiyana, ndipo kusiyanako ndiko kumamwaza zipolopolo. Mankhwala ake ndi kupereka silinda kwa mmisiri wa mfuti kuti aikuze ndi reamer, chida chokulitsira mabowo molondola, kufika .4525. Chitsulo chikachoka sichibwerera, ndiye iyi si ntchito yochita ndi dirilo kuseri kwa nyumba.

Onaninso pamene mtovu wamata. Ukakhala koyambirira, nkhani ndi kukula kwa chipolopolo. Ukakhala kumapeto kwa mpope, mafuta a chipolopolo akutha chisanatuluke. Pochotsa, kulungani tizingwe ta kopa pa burashi yakale. Muyese kaye ndi maginito, chifukwa zokwechera mapoto zina ndi chitsulo chongopakidwa kopa, ndipo zimakala mpope.

Vuto lachiwiri laonekera pa zipolopolo zolemera. Mfuti ikabwerera m'mbuyo powomba, zipolopolo zotsala mu silinda zimasololoka pang'onopang'ono m'makoko awo (tizitini tosunga wonga) mpaka chimodzi chimatulukira kutsogolo, silinda n'kukana kuzungulira. Zimenezi zikuchitikireni nguluwe yovulala ili patsogolo panu! Kutalika kwa katiriji ya .45 Colt kusapyole mainchi 1.600 ngati mukutsata muyezo wa SAAMI, bungwe loika miyezo ya mfuti ndi zipolopolo ku America. Pakani 6, muyeze imodzi ndi kuiika chizindikiro, muwombe 5 zinazo, kenako muiyezenso. Ikatalika, crimp (kupinda mlomo wa khoko kuti ugwire chipolopolo) yachepa kapena khoko silikugwira bwino. Makoko adulidwe mofanana, mainchi 1.275, kuti mlomo wake upindikire mu mzere wa crimp chimodzimodzi. Komabe chogwira kwenikweni ndi kuthina kwa khoko. Expander (chida chokulitsa mlomo wa khoko chipolopolo chisanalowe) ikakula kwambiri, ngakhale mupinde motani chipolopolo chithawabe, ndipo kupinda mopyola kumatupitsa khoko mpaka kukana kulowa.

Za wonga, muyezo utengedwe m'buku la opanga wongawo, kuyambira pansi. Khoko la .45 Colt linapangidwa mu 1873 kuti lidzaze wonga wakuda, choncho wonga wamakono wopsa msanga ngati Unique umangokhala pansi pang'ono. Kuthira kawiri osazindikira n'kosavuta, ndipo kumaphulitsa silinda. Unikani ndi tochi m'khoko lililonse musanaike chipolopolo. Wonga wa H110 ndi wa W296 nawonso safuna kuchepetsedwa kupyola pamene buku lanena. Miyezo yolembedwa kuti ndi ya Ruger yokha ndi ya Blackhawk ya fulemu yaikulu. Isalowe mu mfuti za Colt Single Action Army kapena Ruger New Vaquero ya 2005, zimene ziyenera kukhala pa mphamvu wamba ya mpweya wa mkati ya 14,000 psi.

Kunena zoona, kusaka gwape wa whitetail kapena nguluwe pa mayadi 50 sikulira mphamvu zonsezo. Chipolopolo cha ma grain 255 (pafupifupi magalamu 16.5) champhuno yophwatalala, mtundu umene anapanga katswiri wa mfuti Elmer Keith, chothamanga mafiti 900 mpaka 1,000 pa sekondi, chimaboola mokwanira ndipo dzanja silichita mantha. Malamulo a boma lililonse la ku America amasiyana pa mfuti yololedwa posaka, ndiye awerengedwe kaye.

Ponyamula, New Model Blackhawk ya kuyambira 1973 ili ndi transfer bar, kachitsulo koteteza kuti mfuti isawombe yokha ikagwa, choncho mutha kudzaza 6. Colt ndi Ruger zakale zosasinthidwa zimanyamula 5: ikani imodzi, dumphani bowo limodzi, ikani 4, kokani hamala mpaka kumapeto n'kuitsitsa pang'onopang'ono pa bowo lopanda kanthu.

Chotsala ndi kukonza sight (choyang'anira poloza) silinda ikabwera kwa mmisiri. Chipolopolo cholemera chimamenya m'mwamba kuposa chopepuka, poti chimachedwa mu mpope mfuti ikunyamuka, choncho sight yakumbuyo itsitsidwe ndi zipolopolo zomwezo zimene mudzapite nazo kutchire.